Nsupa ya ku Rosettenville

Ife obadwira ku Bangula kutentha sitikuopa. Dzuwa la Okutobala likafika madigiri 40 timangoti lero kwafundako, n'kunyamula khasu kupita kudimba. Ndiye munthu wotereyu mukamuike ku Joni mwezi wa Ogasiti, m'mawa udzu utayera ndi chisanu. Ine ndinkagona nditakumbatira botolo la labala lothiramo madzi otentha, limene abwana anandipatsa ataona ndikutsuka mbale mano akugundana.

Kumeneko pa 9 Ogasiti ndi holide ya amayi. Amakumbukira 1956, pamene amayi pafupifupi 20,000 anaguba mpaka ku Union Buildings ku Pretoria kukakana malamulo a mapasi, n'kuima chete mphindi 30 pakhomo pa boma. Ife amayi a ku Chikwawa ndi Nsanje ogwira ntchito m'nyumba za anthu tinati ulemu tiwapatsa, koma zoima chetezo sitingazithe, tivina utse. Tinasonkherana, tinabwereka holo ya tchalitchi ku Rosettenville, chitenje cha yunifomu chinabwera pa basi kuchokera ku Limbe. Ng'oma kunalibe, tinatenga ndowa ziwiri ndi chigubu.

Holoyo inkazizira ngati mochale. Mkati mwa chitenje ndinavala mathalauza awiri ndi juzi, botolo lija n'kulimangirira pamimba ndi mpango. Nditalowa amayi anandiyang'ana pamimba, n'kuyang'anana okhaokha. Palibe anafunsa, kwathu mimba safunsa.

Titapemphera tinagwada kuombera m'manja akuluakulu, ndowa zinayamba kulira. Nthawi yanga itakwana ndinalowa m'bwalo kuti Joni yonse idziwe kuti ku Bangula kuli ziuno. Anthu anayamba kusupa. Ndili mkati modula chiuno, chitsekerero chinamasuka, madzi ofunda khuthu! kutsika m'miyendo mpaka pasimenti.

"Nsupa yasweka! Amuna nonse panja!" Anakuwa motero mayi wina wa ku Tengani amene kale anali mzamba. Anyamata awiri otinyamulira sipika anathawa osatenga ndi nsapato zomwe. Anandigoneka pansi, zitenje zinandizungulira, wina akuyendetsa kale mbale ya ndalama za takisi ya kuchipatala.

"Amayi, si mimba iyi!"

"Onse amatero. Limba mtima mwanawe."

Mzamba anapisa dzanja, anafufuza, anakhala kaye chete, kenako anasolola botolo lofwafwa n'kulikweza m'mwamba. Wina kumbuyo, amene sankaona bwino, anaimba nthungululu. Ndalama za takisi zija tinagulira nyama yootcha.

Tsono mtsikana amene ankajambula pa foni anasiyira pomwe amuna ankathamangitsidwa, n'kuponya pa WhatsApp. Dzuwa lisanalowe kanema anali atafika ku Bangula, kumene bambo a kunyumba anali asanandione chichokereni, mvula itagwa kawiri. Ndimve kuti apongozi anawerenga miyezi ndi zala za m'manja, zitatha anapitiriza ndi za kumapazi. Foni yanga sankayankhanso.

Mu Disembala nditatsika basi ndinapeza ankhoswe a mbali zonse atakhala kale pansi pa mtengo wa masawu, thukuta lili kamukamu.

"Mwana mwamusiyira ndani?" anafunsa apongozi, moni asanapereke.

Ndinatsegula chikwama, n'kuika botolo pamkeka. Linayenda dzanja ndi dzanja, amalume analinunkhiza.

"Ntchito yake n'chiyani chimenechi?"

"N'chofunditsa thupi, malume. Amagulitsa m'masitolo."

"Munthu wamutu wake kutulutsa ndalama kugula kutentha? Mwanawe, bola ukanangovomera za mimbazo."

Zinatengera mzamba uja kuimba foni ya kanema kuchokera ku Joni, mayunitsi anga, kuti mlandu uthe. Botolo sanandibwezere. Apongozi amatengeramo madzi akumwa popita kudimba, ndipo likasowa amafunsa nyumba yonse kuti mdzukulu wawo wamuika pati ndani.