Injini yomadzimwetsa madzi yokha

Sabata yonseyi yathera pa boti imodzi basi. Lolemba anabwera abwana ena ndi boti yawo yaliwiro, injini ya 502 ija ya malita 8.2, akuti mmawa ikumavuta kulira komanso oilo watuwa. Mnyamata amene ndimagwira naye ntchito pompo akuti gasiketi ya hedi yapsa, ine ndati dekha aise, tamasula kaye mapulagi. Anayi anatuluka adzimbiri.

Lachiwiri tayeza kompuleshoni, yatsikako pang'ono koma osati ya gasiketi yakupsa, tapopera mpweya mmanifodi, chitsulo chosonkhanitsa utsi wochokera mmasilinda, kuti tione ngati inang'aluka, ayi ndithu ilibe vuto. Nde ndawafunsa kuti bwana munasinthako chani? Akuti anaikitsa kamshafti yaikulu, kamu yomwe imatsegula ndi kutseka mavavu, koma ekizozi anasiya yomwe ija ya switchi.

Ekizozi imeneyi ukadina batani, chitseko chamkati chimatembenuka, utsi umatulukira kumapaipi akumbuyo phokoso mpaka anthu kucheuka, ukadinanso umadutsa pansi nkutulukira pa pulopela mwakachetechete. Koma madzi oziziritsa amayenera kusakanikirana ndi utsi usanafike pachitsekocho, apo ayi mapaipi a labala apsa, nde madziwo amathiridwa pafupi kwambiri ndi injini. Ndi kamu yomwe inabwera ndi injini palibe vuto. Kamu yaikulu ili ndi kanthawi kotalikirapo komwe mavavu onse awiri, olowetsa mpweya ndi otulutsa utsi, amakhala otsekuka limodzi, ndipo injini ikamalira pang'onopang'ono utsi umakhala ulibe mphamvu, umabwerera mbuyo utanyamula madzi mpaka musilinda. Pa liwiro sizichitika, zimachitika pa idle, injini ikungolira pang'onopang'ono, pomwe mwini wake akuona ngati akuisamala injini.

Lachitatu ndinafuna adzionere okha. Tailiza pa 650 rpm kwa mphindi zingapo, tazimitsa osaponda mafuta, tamasula raiza, paipi yokhota ya pamwamba pa manifodi pomwe madzi amakumana ndi utsi, mkati mwa manifodi muli chinyezi mbee, madontho mpaka kufupi ndi hedi. Anangoti eeh.

Lachinayi ndi lomwe linanditopetsa, tsiku lonse kukambirana. Iwo akufuna zonse, kamu yawo yobangula ija komanso switchi yoti asamasokose akamanyamuka padoko. Ndawauza bwana sankhani chimodzi, kaya tiike mapaipi ataliatali madzi azikalowera kumapeto kwenikweni koma switchi muiwale, kaya switchi ikhale tiike kamu yofatsa, yoti mavavu asamatseguke limodzi nthawi yaitali, ya lobe separation ya madigiri 114 osati 110 yanuyi. Anafunsa zongokweza idle, inde zimathandizako koma giya imayamba kulowa mogunda, ine sindingasainire zimenezo. Ndinawakumbutsanso kuti madzi sapanikizika, tsiku lina adzadzaza silinda nkupinda kondirodi, ndodo yogwira pisitoni.

Lachisanu anaimba kuti switchi ikhale. Tatsitsa mahedi, mavavu a ekizozi atatu dzimbiri linawadya pokhalira, tawatumiza kokonza. Kamu ifika sabata ya mawa, ndipo oilo tidzasintha kangapo mpaka kutuwako kuthe.