Sabata Imene Msodzi wa ku Chia Anaiwala Nkhope ya Mkazi Wake

Lolemba m'mawa, ndikuyendera odwala mu wodi ya amuna pachipatala chomwe ndimagwira ntchito kuno ku Nkhotakota, ndinapeza bambo wina wachikulire, msodzi wochokera cha ku Chia, amene anagonekedwa Loweruka usiku BP itakwera kwambiri. Manja ndi miyendo zinali ndi mphamvu, pakamwa sipanapotoke, ndipo ankayankhula bwinobwino, moti munthu akanati za sitiroko palibe. Koma mayi akunyumba kwawo ananditsatira pakhonde n'kundiuza misozi ikulengeza kuti, "Adokotala, ine ndakalambira pa bambo amenewa, koma dzulo nditawapititsira phala anandifunsa kuti ndine yani."

Lachiwiri ndinakhala nawo nthawi yaitali. Anawerenga zala zanga, anatchula kapu ndi supuni, koma dzanja langa likachokera kumanzere sankaliona mpaka litafika pakati. Kenaka ndinapempha mayi aja kuti asinthe duku n'kuima chete pakati pa magadiyani ena awiri. Bambowo anawayang'anitsitsa onse atatu, mmodzimmodzi, nati, "Maso ndikuwaona, mphuno ndikuiona, koma sizikundiuza kuti munthuyu ndi ndani. Chomwe ndikuona n'chakuti mayi ali pakatiwo ali ndi nkhawa." Mayiwo atangoti, "Abambo, ndine," nkhope ya mwamuna wawo inamasuka nthawi yomweyo.

Vutoli limatchedwa prosopagnosia, dzina limene dokotala wa ku Germany, Joachim Bodamer, analipereka mu 1947. Kunsi kwa ubongo, makamaka mbali ya kumanja, kuli kachigawo kotchedwa fusiform gyrus kamene kamasonkhanitsa maso, mphuno ndi pakamwa kuti zikhale nkhope ya munthu amene timamudziwa. Mtsempha umene umapereka magazi kumeneko ndi womwewonso umadyetsa mbali ya kumbuyo kwa ubongo imene timaonera, n'chifukwa chake kuiwala nkhope ndi kusaona cha kumanzere zinabwera pamodzi, ndipo n'zimene zinandipangitsa kuganiza za sitiroko.

Tsiku lovuta linali Lachitatu. Kunabwera achimwene awo a wodwalayo, amene atakhala theka la tsiku pambali pa bedi anandifunsa mokwiya kuti, "Ngati alamu athuwa sakuwadziwa, bwanji akalowa mwakachetechete iyeyu amakhazikika n'kulandira chakudya, pomwe kukabwera munthu wina amakhala tcheru? Uku n'kunamizira, kapena pali zina zimene zachitika kumudzi." Sindinawadzudzule, chifukwa zimene anaonazo nanenso ndinaziona. Mwina kayendedwe ka mayiwo ndi fungo la zovala zawo zinkathandiza, koma palinso china chimene ofufuza anachitsimikizira kalekale. Mu 1985 Daniel Tranel ndi Antonio Damasio, ku Iowa, anaika timawaya pakhungu la m'manja mwa odwala otere n'kumawaonetsa zithunzi. Odwalawo ankanena kuti nkhope zonse n'zachilendo, koma chikaoneka chithunzi cha wachibale khungu lawo linkachita kathukuta kochepa kamene makina ankakagwira. Thupi linkamudziwa munthuyo, mwini wake asakudziwa kuti akumudziwa.

Ndinawafotokozeranso za wodwala wina wotchedwa TN m'mabuku, amene sitiroko ziwiri zinawononga mbali zonse ziwiri za ubongo zoonera, iye n'kukhala wosaona ngakhale maso ake anali abwino. Alan Pegna ndi anzake ku Geneva analemba mu 2005 kuti bamboyu akamuuza kuti angolota ngati nkhope ili patsogolo pake ndi yokondwa kapena yokwiya, ankalondola kawirikawiri kuposa mmene munthu wongolota angalondolere, ndipo amygdala, kachigawo ka ubongo kochenjeza za zoopsa, kankagwira ntchito kwambiri akamuonetsa nkhope ya mantha. Kuona kotere kopanda kuzindikira Lawrence Weiskrantz wa ku Oxford anakutcha blindsight. Sindinawachulukitsire mayina achimwene aja. Ndinangowauza kuti njira zochoka m'maso kupita mu ubongo si imodzi, ndipo imene yawonongeka mwa m'bale wawo ndi ija imauza munthu kuti "uyu ndi uje". Anakhala duu kwa kanthawi, kenaka anapita kukapepesa alamu awo.

Chimene chimandipweteka ndi chakuti wodwala wotere amaoneka wathanzi, choncho amafulumira kumutcha wabodza, wamisala kapena wolodzedwa, ndipo amene amasenza mlandu nthawi zambiri ndi mkazi amene akumusamalira usana ndi usiku.

Lachinayi BP inatsika ndipo ndinalemba kalata yowatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuti akajambulidwe ubongo pa makina a CT. Madzulo ndinakhala pansi ndi banja lonse n'kuwalangiza kuti aliyense aziyamba wayankhula ndi kutchula dzina lake asanafike pafupi, azidzera mbali ya kumanja, ndipo mayi azivala duku limodzimodzi masiku onse. Ndinawapemphanso kuti asamakambe za imfa ndi nkhope zakugwa pamaso pa wodwalayo poganiza kuti sakuwadziwa, chifukwa chisoni ndi mantha akuziwerenga bwino lomwe.

Lachisanu m'mamawa ambulansi inanyamuka kudzera njira ya ku Salima. Mayi aja anafika atamanga duku lachikasu, ndipo asanatsegule pakamwa bambowo analoza dukulo n'kufunsa kuti, "Ndinu amayi a kwathu, eti?" Mayiwo anavomera, nawagwira dzanja la kumanja kuwakweza m'galimoto.