Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Usiku wa Eraserheads ku Parañaque

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija, ndemanga zanu ndinaziwerenga zonse. Mayi wa ku Kasungu amene munati maliro a bambo anu anakupezani muli ku Joni opanda mapepala, ndakumvani, Mulungu akutonthozeni. Ndinalonjeza kuti ndifotokoza za chithunzi chija chimene chinandiyambanitsa ndi abale anga, ndiye lero ndi lero.

Mukukumbukira kuti amayi anatisiya mu Ogasiti 2022, ine ndili pasukulu ya unamwino ku Cavite, m'dziko la Philippines. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha anali atachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, moti ndalama zimene achimwene ankanditumizira zikafika kuno zinkangokwanira lendi ndi mpunga. Tikiti ya ndege yochoka ku Manila mpaka ku Lilongwe sitinaikambe n'komwe. Maliro ndinawaonera pa WhatsApp, foni ili m'manja mwa msuweni wanga, netiweki ikudukaduka. Kwathu kunali masana, kuno kunali kutada, chifukwa timasiyana maola 6. Ndinaona bokosi likuyamba kutsika, amvano akuimba, kenako chithunzi chinaima. Chinaima pa phazi la munthu wina wovala patapata. Ndinakhala pa bedi ndikuyang'ana phazi limenelo, ndikugwedeza foni, ndikuitana msuweni wanga dzina, osayankha. Pamene netiweki inkabwerera, adzukulu anali akukwirira kale.

Sindinalire. Ndikudziwa ena simukhulupirira, koma misozi inakana. M'mawa mwake ndinavala yunifolomu n'kupita ku wodi, ndinayeza anthu BP, ndinalemba zolemba zanga bwinobwino. Usiku ndinkangogona chagada, maso ali gwa, pachifuwa pali polemera. Ku Philippines Khirisimasi imayamba mu Sepitembala, ndiye masitolo onse anali nyimbo zokhazokha, nyali za nyenyezi zija amati parol zili lendelende pakhomo lililonse, ine ndikudutsa pakati pake osamva kanthu. Miyezi inatha choncho.

Nanay, mayi wa nyumba imene ndinkachita lendi uja, ndi amene anaona kuti sizili bwino. Anandipeza ndikubweza mbale ya sinigang osaikhudza, ndipo anakauza Ate, mwana wawo wamkulu amene ndinakuuzani kuti amagwira ntchito ku Makati. Ate anali atagula matikiti awiri a konsati ya gulu loimba la Eraserheads, wina wa mwamuna wake, koma mwamunayo sanatsike pa sitima imene amagwirako ntchito. Anangobwera kuchipinda kwanga n'kunena kuti, "Pa 22 Disembala ukupita nane, usandiyankhe."

Apa ndiime kaye. Azakhali, ndikudziwa mumawerenga ngakhale simulemba kanthu. Munauza mudzi wonse kuti ndinadya ndalama za achimwene pokavina, manda a amayi asanaume. Tikiti ija sindinagule ine, ngakhale basi analipira ndi Ate. Mukanandiimbira kamodzi kokha n'kundifunsa, ndikanakuuzani.

Tinakwera basi mpaka ku PITX, depoti yaikulu ya ku Parañaque, kenako tinayenda wapansi chifukwa magalimoto sankasuntha. M'njira monsemo Ate ankandiphunzitsa. Gululi linayamba mu 1989, anyamata anayi a pa University of the Philippines ku Diliman: Ely Buendia woimba, Raimund Marasigan pa ng'oma, Buddy Zabala pa besi, Marcus Adoro pa gitala. Linatha mu 2002. Ate anakula nalo, makaseti ake ankawabisa pansi pa matiresi kuopa Nanay. Kenako anandiuza chinthu chimene chinandiimitsa pamsewu. Mu Ogasiti 2008 anyamatawa anakumananso kuti aimbe ku Taguig, mayi ake a Ely atangomwalira masiku ochepa m'mbuyomo. Iye anakwerabe pa siteji, anaimba gawo loyamba, kenako anadwala n'kuthamangira naye kuchipatala, konsati n'kuthera pomwepo. Ate anali pomwepo usiku umenewo. Anandiuza akundiyang'ana m'maso, ndipo ndinadziwa chifukwa chake anasankha ine osati anzake a kuntchito.

Pa SMDC Festival Grounds panali anthu amene sindinawaonepo chibadwire, nkhani zinadzati pafupifupi 75,000. Ine mwana wa m'kwaya, ngakhale kwa Ma Blacks ku Chileka sindinapondeko, amayi sakanalola. Ndinkayembekezera achinyamata oledzera. Ndinapeza azibambo a imvi atagwira ana awo dzanja, azimayi a msinkhu wa Ate atavala matisheti akale othetheka. Mtsikana wina anandifunsa ngati ndikuzidziwa nyimbozo, nditakana anaseka n'kundigawira madzi ake.

Magetsi atazima n'kuyaka, phokoso linandilowa m'mimba. Besi ya Buddy ndinkaimva m'nthiti, nthaka ikunjenjemera pansi pa nsapato. Anayamba ndi chimbale chawo cha mu 1995, Cutterpillow, ndipo anthu ankaimba mawu onse mokweza kuposa woimbayo. Chitagalogi changa, chilankhulo cha kuno, chinali cha kumsika ndi ku wodi basi, ndinkangotolako mawu apa ndi apo. Pakati pake anaonetsa pa siteji chithunzi choyenda cha Francis Magalona, mnzawo amene anamwalira ndi khansa ya m'magazi mu Marichi 2009, ana ake aamuna akuimba pambali pake. Bambo wina wamkulu thupi amene anaima kutsogolo kwanga anavula magalasi n'kuyamba kulira poyera, mapewa akugwedezeka, mkazi wake akumusisita kumsana. Palibe amene anamuyang'ana modabwa.

Ine zinandipeza pa nyimbo yomaliza, imene konsatiyo inatengako dzina, Ang Huling El Bimbo. Ate anandinong'oneza kuti ikunena za mtsikana amene anaphunzitsa mnyamata kuvina ali ana, kenako anasiyana, mnyamatayo n'kudzangomva kuti anamwalira. Kungomva basi, osamuona. Makombola a moto atayamba kuphulika kumwamba, anthu onse aja akuimba pamodzi, chinthu chija chinali pachifuwa chinasweka. Ndinalira maliro enieni, a kwathu, okuwa. Ndinaitana amayi m'Chichewa, ndinawafunsa kuti mwandisiya ndi yani, ndinawauza za phazi la patapata lija, ndinapepesa kuti sindinawasambitse, sindinagone pa siwa, sindinaponye dothi. Miyendo inafooka, Ate anandigwira m'chiuno, ndipo mayi wina wosamudziwa anandigwira mbali inayo, naye akulira zake. Phokoso linali lalikulu moti ndinakuwa mmene ndinafunira, mpaka mawu anasasa.

Chithunzi chija Ate anajambula tikutuluka. N'zoona ndikumwetulira, maso ali otupa, ndanyamula kapu ya ma fishball. Kanali koyamba kumva njala chichokereni Ogasiti, ndinadya ndi ya Ate yomwe. Anachiika pa Facebook n'kunditaga, ndipo pofika m'mawa gulu la banja pa WhatsApp linali litayaka moto. Achimwene okha ndi amene anaimba foni. Anamva mawu anga osasa, anakhala chete, kenako anafunsa kuti, "Walira tsopano, mlongo wanga?" Nditavomera anati zina zonse ndiwasiyire iwo.

Manda a amayi ndinadzawaona patapita zaka ziwiri, nditamaliza sukulu. Za ulendo umenewo, ndi zimene azakhali anandilankhula pamaso pa anthu tsiku loika mwala, ndi za gawo 15. Amene mukufunsa za Ate, ali bwino, mwamuna wake anatsika, ndipo ndemanga zanu ndimamumasulira.