Chidulo ndi impso zodwala sizigwirizana

Anzanga a kuno ku Salima, ngati pakhomo pali wodwala impso, yambani mwayang'ana kukhitchini. Malume anga BP inawawonongera impso, ndipo malangizo a kuchipatala atisinthira kaphikidwe konse.

Za mchere tonse tikuzidziwa: osafika magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi kakang'ono. Timakyubu tokometsera ndiwo namonso muli mchere wambiri.

Koma chidulo chija ndiye ambiri sitichiganizira. Madzi a phulusa omwe timafewetsera therere ndi chigwada ndi odzadza ndi mchere wina wotchedwa potaziyamu. Impso zikafooka zimalephera kumutulutsa, amaunjikana m'magazi mpaka kusokoneza kagundidwe ka mtima, nthawi zambiri munthu osamva chizindikiro chilichonse. Soda wa kugolosale si pothawira ayi, amakweza BP ngati mchere womwewo. Nthochi, mapeyala, tomato ndi mbatata nazonso wodwala amachepetsa ngati magazi awonetsa kuti potaziyamu wakwera. Nkhwani timauwiritsa kaye m'madzi ambiri, kutaya madziwo, kenako n'kuphika. Azakhali amadandaula tsiku lililonse kuti tikutaya kukoma konse, ndipo sakunama.

Usipa ndi matemba timadya ndi minga yomwe, ndiye fosifolasi, mchere winanso umene impso zodwala zimalephera kutulutsa, amachuluka. Bola kachidutswa kochepa ka chambo chachiwisi, kophika bwino. Zakumwa za kola wodwala asiye. Brufen wogula pa okala asayerekeze n'komwe.

Impso zikaimiratu chotsala kwa ambiri ndi dialysis, kutsuka magazi ndi makina, ndipo ife a kuno timayenera kukafika ku Kamuzu Central ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100, kangapo pa sabata. Ndalama ya minibasi yokhayo imaliza mbuzi zonse m'khola.