Lero mwana watsegula m'mimba ndipo sakukhazikika

Tsiku la lero lathera pa matewera. Kuyambira m'bandakucha mwana wanga, wa chaka ndi miyezi 8, wakhala akuchita chimbudzi chamadzi, chachikasu, cha fungo lowawasa. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization (WHO) amati chimbudzi chamadzi chikafika katatu kapena kuposerapo pa tsiku limodzi, kumeneko ndi kutsegula m'mimba. Ife malire amenewo tinawadutsa dzuwa lisanakwere n'komwe.

Koma chandisautsa kwambiri ndi kusakhazikika kwake. Ndikamunyamula akufuna pansi, ndikamuika pansi akundikoka chovala kuti ndimunyamule. Zidole akungoponya. Bere akuligwira pang'ono, n'kulisiya, n'kulifunanso mokwiya. Bambo ake anayamba kunena kuti mwanayu wayamba matama, koma ine ndinakana. Mwana amene dzulo ankasewera yekha mwakachetechete sangasinthe khalidwe usiku umodzi popanda chomupweteka.

Apongozi ataimba foni n'kumva kulirako anati, "Amenewo ndi mano, amake mwana. Akangomera zisiya zokha." Ndinawayankha kuti, "Mwina manowo alipodi amayi, koma madzi akutayikawa ndi ambiri, ndikufuna ndiwabwezere." Anandimvetsa. Mano timawanamizira zambiri. Msinkhu womera mano ndi womwewonso mwana amatola chilichonse pansi n'kuika m'kamwa, ndiye tizilombo timalowa mosavuta. Kawirikawiri pa msinkhu uwu amakhala mavairasi, monga rotavirus, ndipo mankhwala opha mabakiteriya sachita kanthu pa mavairasi.

Chinandidzutsa pampando n'chakuti kusakhazikika ndi kukwiyakwiya kuli pa mndandanda wa zizindikiro zimene azaumoyo amayang'ana pofuna kudziwa ngati madzi ayamba kuchepa m'thupi mwa mwana. Zina ndi maso olowa m'kati, ludzu lalikulu, ndi khungu lochedwa kubwerera ukalitsina. Ndinamugoneka chagada, n'kutsina khungu la pamimba ndi zala ziwiri. Linabwerera nthawi yomweyo. Maso anali bwinobwino, misozi ikutuluka. Koma nditamupatsa kapu anaigwira ndi manja onse awiri, kumwa mothamanga mpaka madzi kuyenderera pachibwano, ndipo itatha analira kufuna ina. Kusakhazikika ndi ludzu lotere, zizindikiro ziwiri, zinandikwanira. Ndinasungunula paketi ya ORS, mankhwala a mchere ndi shuga obwezeretsa madzi m'thupi, mu lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, kuthira m'botolo, ulendo wa kuchipatala.

Anamwino anamuyeza sikelo, anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, anatsinanso khungu. Anafunsa ngati m'chimbudzi muli magazi, ngati akusanza chilichonse, ndiponso kuti wakodza liti komaliza. Kenako anati, "Mayi, madzi achepa pang'ono, koma akumwa yekha, ndiye dripi sikufunika. Khalani pompano muzimumwetsa." Muyezo wake ndi 75 ml ya ORS pa kilogalamu iliyonse ya thupi la mwana, m'maola 4. Mwana wa makilogalamu 10 ndiye kuti 750 ml. Zimaoneka zambiri, koma ndi sipuni imodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri zimatha ndithu. Pakati pake anasanza. Anamwino anati ndidikire mphindi 10, kenako ndiyambirenso pang'onopang'ono kuposa poyamba.

Ndinaona kusintha ndi maso anga. Kulira kuja kunayamba kudukizadukiza, thupi linasiya kuumirira, anatsamira pachifuwa panga n'kumasewera ndi sipuni. Thewera litanyowa ndi mkodzo mtima wanga unakhala pansi.

Tabwerako ndi mapaketi ena a ORS ndi mapiritsi a zinki. Anamwino anati mwana wopitirira miyezi 6 amamwa 20 mg tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14, ngakhale m'mimba mutasiya mawa lomwe. Zinki amafupikitsa matendawa ndipo amathandiza kuti asabwererenso msanga m'miyezi yotsatira. WHO ndi UNICEF akhala akulangiza kupereka ziwirizi pamodzi kuyambira 2004, koma ndimaona kuti ambiri timakumbukira ORS yekha. Piritsilo limasungunuka pa sipuni ndi timadzi pang'ono kapena mkaka wa m'mawere. Kunyumba ndizimupatsa 50 mpaka 100 ml ya ORS akangochita chimbudzi chamadzi. Mankhwala omanga m'mimba anamwino anandiletsa kotheratu, chifukwa kwa ana aang'ono ndi oopsa. Juwisi ndi zakumwa za shuga wambiri nazo ayi, zimakokera madzi m'matumbo n'kuwonjezera vutolo. Bere lipitirire, chakudya chofewa chipitirire, pang'ono koma pafupipafupi, osamukakamiza.

Madzulo kuvuta kunayambiranso, koma kwa mtundu wina: ankalira akakhala pansi, akaimirira n'kusiya. Nditamasula thewera ndinapeza matako afiira, m'mikwinya mwayamba kusupuka. Chimbudzi chamadzi chimadya khungu msanga. Ndinamutsuka ndi madzi ofunda okha, kuumitsa mogundagunda ndi kansalu kofewa osakhula, n'kumusiya kanthawi opanda thewera kuti pawombe mphepo. Kenako ndinapaka mafuta ochindikala otchinga khungu. Atavala thewera louma anakhala pansi n'kuyamba kutola zidole zimene anamwaza m'mawa. Ine ndasamba m'manja ndi sopo mpaka zala zauma gwa, koma n'zofunika, chifukwa tizilomboti timayenda pa manja, ndipo m'nyumba muno tilipo ena.

Usiku uno tagawana ndi bambo ake. Ndawauza kuti kulira kusawaopse kwambiri, mwana amene akulira ndi kumwa ali ndi mphamvu. Andidzutse msanga akaona kuti wafooka, akuvuta kudzutsa, akukana kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, watentha thupi, wakomoka, kapena m'thewera mwaoneka magazi. Zikatero tinyamuka nthawi yomweyo osadikira kuti kuche. Pa botolo la ORS ndamatapo kapepala kolemba nthawi imene ndinasungunula, poti akadutsa maola 24 amatayidwa n'kukonza wina. Piritsi la zinki la mawa ndaliika pafupi ndi kapu yake kuti aliyense wodzuka koyamba amupatse.