Tatuluka m'chipatala, zikomo nonse, makamaka inu Anganga

Abale ndi alongo, tatuluka. Mwana ali kunyumba, akudya, dzulo mpaka amalimbirana supuni ndi mchimwene wake. Ambiri mwakhala mukuimba foni osayankhidwa, mauthenga a pa WhatsApp angoti mbwee osatsegulidwa, ndiye ndati ndilembe pano kuti aliyense amve kamodzi. Nkhani ikamadumphadumpha mundimvetse, tulo sindinabweze.

Zambiri mukuzidziwa kale. Malungo aja anayamba ngati kutentha thupi wamba, pofika usiku mwana n'kuyamba kukomoka. Ku chipatala chaching'ono cha Matawale anamubaya chala, atangoona zotsatira anatitumiza ku Central, chipatala chachikulu cha kuno ku Zomba, nthawi yomweyo. Kumeneko jakisoni wa malungo wotchedwa artesunate, kenako anatiuza kuti magazi achepa kwambiri, m'manja mwake munali mutayera mbee, ndipo anamuwonjezera magazi. Anatitulutsa ndi mapiritsi a malungo aja a LA, ife n'kumati basi zatha. Osadziwa kuti ulendo ukuyamba kumene. Mwana anakana chakudya, bere kungoyamwa pang'ono n'kulisiya, kutsegula m'mimba, mapazi n'kuyamba kutupa. Tinabwereranso, ulendo uno ku NRU, kuwodi ya ana onyentchera, ndipo ndi kumene takhala mpaka sabata ino.

Ambuye Mulungu wanga, ndinu nokha mukudziwa zimene ndinkalankhula nanu m'bafa mwa kuchipatala muja, pamene pakamwa panali patauma, pemphero losalongosoka, kungoti Ambuye, Ambuye. Munamva. Mwandibwezera mwana wanga m'manja. Ulemu ndi wanu, ine ndilibe choti ndingakupatseni.

Tsono pali munthu mmodzi amene ndikapanda kumutchula ndiye kuti sindinathokoze aliyense. Andiletsa kulemba dzina lawo, akuti zabwino sazilengeza pa foni, ndiye ndingoti Anganga, monga timawatchulira tonse kuno ku Chinamwali. Anzanga apafupi mukuwadziwa, amayi achikulire aja a nyumba yoyang'anana ndi yathu, ogulitsa tomato ndi makala pakhonde. Si mbale wanga. Sitipemphera kumodzi, iwo ndi Msilamu, ine wa CCAP. Chisanachitike ichi tinkangopatsana moni ndi kubwerekana moto.

Usiku umene mwana anakomoka, bambo ake ali ku Joni monga mukudziwa, ndinangotsegula chitseko n'kukuwa. Anthu anatuluka ambiri ndithu, aliyense ndi nzeru yake. Wina akuti mulowetseni supuni m'kamwa angadzilume lilime, wina akuti mumuthire madzi ozizira, wina akufunsa ngati kwathu kuli matenda akugwa. Anganga anafika mpango uli m'manja, anangodutsa pakati pa anthuwo, n'kumugoneka mwana chammbali. Anati, “M'kamwamo musaikemo kanthu. Iwe mwana wanga, tenga bukhu la kusikelo ndi chitenje, zolirazo ukalirira kutsogolo.” Mdzukulu wawo anali atamutuma kale kukadzutsa wa kabaza ya moto. Ndalama ya kabazayo anamasula pamfundo ya chitenje chawo, ndalama ya tomato wa tsiku limenelo. Mpaka lero akukana kuti ndibweze.

Ana anga awiri aakuluwa ndinawasiya ali m'tulo, osatsanzika, osasiya ndi ufa womwe wokwanira. Anganga anawatenga ngati adzukulu awo. Ndipo dziwani kuti masabata ambiri a matendawa anagwera m'mwezi wa Ramadan. Mayi wachikulire ali pa kusala kudya, kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa osalawa ngakhale madzi, koma masana ali pambaula kuphikira ana anga nsima kuti akaweruka kusukulu apeze chakudya. Mchere ankachita kuitana mwana wanga wamkulu kuti alawe ngati wakwana. Lamulungu lililonse ankawasambitsa, kuwaveka, n'kuwaperekeza mpaka pageti ya tchalitchi kuti asajombe Sande sukulu, iwo n'kubwerera. Wamkuluyu wandiuza kuti ankawapatsanso ya chopereka. Ndamva maulaliki ambiri pa moyo wanga onena za kukonda mnansi, ena okoma kwambiri, koma amene anandisambitsira ana ndi Anganga.

Ku NRU ndi malo amene mayi amaphunzira kudzichepetsa. Tsiku lofika, namwino anadinikiza chala chake chachikulu pamwamba pa phazi la mwana, kuwerenga mpaka katatu, n'kuchotsa. Panatsala kadzenje, osabwerera. Anachitanso phazi linalo, chimodzimodzi. Anandiuza kuti kumeneko ndi kutupikana, ndi madzi, si kunenepa ayi. Pabedi loyandikana nalo panali mwana wina wosatupa koma wowonda zedi, iyeyo anamuyeza ndi katepi ka pamkono kaja, kofiira, kachikasu ndi kobiriwira. Akuti kakasonyeza pansi pa masentimita 11.5 ndiye kuti mwana ali pofiira, pangozi. Matenda amodzi, maonekedwe awiri.

Chimene chinandivuta kwambiri n'chakuti mwana wanjala chonchija samupatsa chakudya chambiri. Mtima wa mayi umafuna kumukhutitsa, phala, nsima, chilichonse. Koma anatiuza kuti thupi likafooka motero, chiwindi ndi mtima sizingathe kulandira zambiri nthawi imodzi, mukhoza kumutaya mwana ndi chakudya chomwecho. Ndiye amayamba ndi mkaka wapadera wotchedwa F-75, woyeza bwinobwino malinga ndi kulemera kwake, m'kakapu, pang'onopang'ono, maola owerengeka alionse usana ndi usiku. Pakati pausiku anamwino kutidzutsa, “Amayi, mkaka!” Iwe maso ali psuu, kumudzutsa mwana wosafuna n'komwe kutsegula pakamwa, kumunyengerera kadontho kadontho. Kuzizira kwa ku Zomba kuno mukukudziwa, makamaka mvula ikagwa usiku mphepo n'kumatsika m'phirimu. Ana otere sachedwa kuzizidwa, ndiye chipewa kumutu, kumugoneka pachifuwa, kufunda limodzi. Sikelo itayamba kutsika m'malo mokwera ndinalira, ndimati mwana akutha. Namwino wina wamtali, wa mawu apansipansi, anakhala nane pansi n'kundifotokozera kuti amenewo ndi madzi aja akuchoka, ndiye kuchira kwake. Amayi inu, dzina lanu sindilemba koma ngati mukuwerenga, Mulungu akusungireni ana anu.

Anganga ankabwera nthawi yoona odwala, kuchokera ku Chinamwali mpaka ku Central, kudutsa tauni yonse, tsiku lina pa minibasi, tsiku lina wapansi ndalama ikavuta. Tsiku loyamba anabwera ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro, lofunda bwino m'kontena, akuti la mwana. Anamwino anawakaniza mwaulemu kuti panopa ndi mkaka wokhawu ndi bere. Ndimayesa akhumudwa. Iwo anangotembenuka n'kundipatsa supuni, “Ndiye umwe ndiwe, mwanayu akuyamwa kwa iwe. Ndikhala pompano mpaka ulimalize.” Anakhaladi, akundiyang'ana, iwo ali ndi njala ya tsiku lonse. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma sindinkadziwa kuti ndi ine wamkulu ndi ana atatu ndingakhalenso mwana wa munthu chonchi.

Tsopano pang'ono za enanu. Sindikufuna mkangano, ndatopa. Koma mawu aja anandipeza. Mapazi a mwana atatupa, ena mwa inu, achibale enieni, m'malo mofunsa kuti tithandize bwanji munayamba kunong'onezana kuti ndi tsempho, kuti mwamuna ali ku Joni ndiye mayiyu afotokoze bwino kumene wayenda. Mpaka wina kuimbira foni bambo a ana kunja kuja kukawauza zimenezo, munthu ali kale ndi nkhawa pa ntchito ya eni. Wina kunditumizira uthenga kuti ndimutulutse mwana m'chipatala tipite naye kwa asing'anga ku Jali. Mwana anatupa chifukwa malungo anamudya magazi, anasiya kudya, anatsegula m'mimba, thupi n'kuperewera zakudya. Achipatala anamupatsa mkaka, mankhwala ndi chiponde, kutupa kwatha. Palibe amene waulula kalikonse chifukwa panalibe choulula. Ndipo inu amene pa zinkhoswe ndi pa maukwati mumakhala patsogolo ndi yunifolomu ya chitenje, Central simukuidziwa njira yake? Ili pamsewu waukulu womwe uja mumadutsa popita ku Blantyre. Ndakhululuka, pakuti nanenso ndimakhululukidwa, koma ndaona.

Ndibwerere ku zabwino, n'zimene zachuluka.

Amayi a Mvano a kumpingo kwathu, munabwera ndi zoyera zanu, munaimba motsitsa mawu pakhonde la wodi kuopa kusokoneza ana, munasiya sopo, shuga ndi ufa. Amayi ena a m'wodimo, a mipingo ina, anatuluka kudzaima nafe. Zikomo. Anzanga a banki m'khonde, munandipatsa ya thumba la zadzidzidzi osandifunsa mafunso, n'kundilola kudumpha masheya mpaka ndidzapeze bwino. Ndi mmene zinthu zakwerera chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 muja, ndikudziwa kuti aliyense wa inu anachita kudzimana. Achimwene a kabaza amene munadzuka pakati pausiku, n'kuyendetsa mosamala m'matope muja ine nditafungata mwana kumbuyo, simunawonjezere mtengo ngakhale munali ndi mpata wotero. Aphunzitsi a mwana wanga wamkulu, munaona kuti akusinza m'kalasi n'kumufunsa bwino m'malo momukalipira. Bambo a ana, mumaimba usiku uliwonse mukaweruka, mumatumiza pa Mukuru ngakhale pamene inuyo munalibe, ndipo mabodza aja munawakana musanandifunse n'komwe. Ndikukuthokozani pagulu, musachite manyazi.

Palinso wina amene sindidzamudziwa. Thumba la magazi lija linapachikidwa pamwamba pa bedi la mwana wanga, ndinkaliyang'ana likudontha n'kumadzifunsa kuti mwini wake ndani. A Malawi Blood Transfusion Service amayenda m'masukulu a sekondale, m'makoleji ndi m'mipingo kutolera magazi kwa anthu ongodzipereka, ndiye mwina ndi mwana wasukulu wina amene anangopinda dzanja la malaya n'kulandira chakumwa, osadziwa kuti akupulumutsa kamtsikana ka ku Chinamwali. Ine ndikadzasiya kuyamwitsa, achipatala akadzandiyeza n'kundilola, ndikapereka nawo. Anyamata a pano amene mumandilembera kuti “tili nanu limodzi”, njira ina yokhalira nafe limodzi ndi imeneyo.

Amayi anzanga a mu NRU, tinkabwerekana beseni, kusungirana malo poyanika matewera, kuyang'anirana ana wina akapita kukasamba. Mmodzi wa ife, wochokera cha ku Kachulu kunyanja ya Chilwa, anatuluka chimanjamanja. Anafika naye mwana mochedwa chifukwa cha mtunda ndi madzi osefukira. Sindingathe kulemba zambiri za iyeyu. Mukamandithokozera Mulungu, mumukumbukire nayenso.

Tsiku limene anamuyesa mwana ngati angadye chiponde, Anganga analipo. Anamwino anandisambitsa m'manja, kung'amba kakona ka paketi, n'kundiuza kuti ndisamukakamize. Ananunkhiza, kutembenuza nkhope, kenako kunyambita chala changa, kenako kugwira paketi yekha ndi manja awiri osafuna kulandidwa. Anganga anaimirira n'kuyamba kuyamika Mulungu m'mapempheredwe awo, ine m'mapempheredwe anga, anamwino akungotiseka.

Panopa tikupitiriza kunyumba. Tizipita kusikelo kukayeza ndi kukatenga chiponde mpaka atatiuza kuti wafika pabwino. Ndipemphe alendo obwera kudzationa: chipondecho ndi mankhwala, chawerengedwa malinga ndi sikelo ya mwanayu, musapemphe kulawa ndipo musandinyengerere kuti ndigawireko achimwene ake. Iwowa akulira nacho kale, wamng'onoyo mpaka anandifunsa kuti iyeyo adwala liti kuti naye alandire, koma ayi. Tizakudya ta m'mapaketi ndi zakumwa zotsekemera musavutike nazo, zimangotseka mimba ya mwana. Alangizi a zaumoyo atikumbutsanso za magulu asanu ndi limodzi aja, zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, ndipo zambiri zili pamsika wa Chinamwali pompa. Amene mukufunadi kubwera ndi kanthu, nsinjiro, soya, dzira, matemba oti ndisinje n'kuthira m'phala, bonongwe, mbatata yofiira m'kati, peyala kapena nthochi, zimenezo ndilandira ndi manja awiri. Bere ndikupitiriza mpaka akwanitse zaka ziwiri, amene mumati ndimusiyitse chifukwa chakuti anatsegula m'mimba, achipatala akana. Neti tikugona m'kati tonse, ndipo Anganga asoka kale pamene panabooka, sindinawatume.

Lamulungu likubwerali ndikapereka chithokozo kutchalitchi pa mapemphero a Chichewa, amene mungathe tikakhale limodzi. Anganga kumeneko sakalowa, ndipo sindingawakakamize. Ndawafunsa kuti ndiwachitire chiyani, akuti ndingowagula tomato ngati kale. Ndiye anzanga a ku Chinamwali, Matawale mpaka ku Ndola, mukafuna tomato kapena makala, khonde lake mukulidziwa, ndipo musakanenerere mtengo.

Amene munandibwereka ndalama, ndinalemba zonse kumapeto kwa bukhu la kusikelo, ndiyamba kubweza mwezi ukatha. Komanso ndabwera ndi makontena a anthu, mbale ziwiri zadothi ndi fulasiki yobiriwira yopanda chikho chake, sindikukumbuka kuti anabweretsa ndani. Eni ake mundilembere ku inbox, ndatsuka zonse.