Kuchoka polendewera mpaka kufika pa muscle-up

Muscle-up ndi kudzikoka pa chitsulo cholendewerapo mpaka chifuwa chipitirire chitsulocho, n'kudzikankha mpaka manja awongoke. Kuti muiphunzire, chitsulo cha m'paki n'chokwanira, kaya mumakhala ku Yeoville kaya ku Rosettenville kuno ku Joni. Ndimayamba ndi kulendewera chabe, manja atatalikirana pang'ono kuposa mapewa, masekondi 30 katatu. Ndikafika masekondi 60 zala zisanatsetsereke, ndimawonjezera kukokera mapewa pansi zigongono zili zowongoka, maulendo 10.

Kenako ndimapita pa chitsulo chofika m'chiuno. Ndimalowa pansi pake chagada, zidendene pansi, thupi lili ngati ndodo, n'kukoka mpaka chifuwa chigunde chitsulo. Maseti 3 a maulendo 12.

Gawo limene ambiri amalidumpha ndi lotsika. Ndimadumpha kuti chibwano chipitirire chitsulo, kenako ndimatsika mwa masekondi 5, kasanu, ndikupuma mphindi 2 pakati pa maseti. Katatu pa sabata basi, tsiku limodzi lopuma pakati. Chifukwa chake n'chakuti minofu imalimba msanga, koma mitsempha yoilumikiza ku mafupa imatsalira m'mbuyo. Mukathamangira, m'kati mwa chigongono mumayamba kubaya, ndipo ululu umenewo ungakugonekeni milungu ingapo. Ukayamba, ndimachepetsa maulendo ndi theka, ndikubwerera pa chitsulo chachifupi.

Pull-up yoyamba (kudzikoka ndi manja kuchokera polendewera mpaka chibwano chipitirire chitsulo) ikatuluka, ndimaichulukitsa pang'onopang'ono, osagwedeza miyendo. Yogwedeza ija ine sindiiwerenga.

Muscle-up sindiiyesa ndisanakwanitse ma pull-up 10 oyera ndi ma dips 15 (kutsika ndi kudzikankha m'mwamba ndi manja, utagwira zitsulo ziwiri). Pamenepo ndimasintha kakokedwe: chitsulo chifike pansi pa chifuwa, mwaliwiro, thupi likudutsa kumbuyo kwake pang'ono m'malo mokwera molunjika. Pamwamba ndimatembenuza manja onse pamodzi, chifuwa chikugwera kutsogolo, n'kudzikankha. Wokwera ndi chigongono chimodzi kaye, china n'kutsatira, ndiye kuti sanakoke mokwanira, ndipo phewa limodzi ndi limene likusenza thupi lonse. Mankhwala ake ndi kutsika muscle-up pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, maulendo 3, mpaka njira yake ilowe m'thupi.

Kuno ku Joni nyengo nayo ili ndi mawu. M'mawa wa June ndi July chitsulo chimazizira mpaka zala kuuma, choncho ndimatenthetsa manja ndi mapewa mphindi 10 ndisanachigwire. Nthawi ya mvula, mitambo ikangoda masana mphezi n'kuyamba kung'anima, ndimachoka pa chitsulo n'kukamalizira mapushapu m'nyumba.